Nyumba Zakale za Mzinda wa Blantyre ndi Zimene Mwana wa ku Chiuta Angaphunzirepo

Mwana wobadwira m'mbali mwa nyanja ya Chiuta, kwa Ngokwe kapena kwa Chikweo, amakula akuona nyumba zikumangidwa. Asanafike msinkhu woyamba sukulu amakhala ataponda kale dothi la njerwa, atasenza madzi opita kuchikombole, ndiponso ataona akulu akufolera denga mvula isanagwe. Amadziwa dothi labwino ndi dothi losweka, amadziwanso chifukwa chake khonde liyenera kutuluka kunja kwa khoma. Koma mwana yemweyo, tsiku limene afika mumzinda wa Blantyre naona nyumba zosanjikizana ndi nsanja zazitali, kawirikawiri amangoti kakasi, nayesa mumtima mwake kuti zimenezi ndi nzeru za anthu a mtundu wina, zosakhudzana konse ndi za kwawo. Akabwerera kumudzi amasimba za kutalika kwa nyumbazo, nayamba kupeputsa ntchito ya manja a atate ake.

Apa ndipo pali ntchito ya mphunzitsi. Ulendo wa sukulu wopita kumzinda umadya ndalama zambiri za makolo osauka, ndipo kwa ana ena ndi ulendo wa kamodzi kokha pa ubwana wawo wonse. Ngati abwerako atangodabwa, ndalamazo zapita pachabe. Nyumba zakale za Blantyre zili ngati buku lolembedwa ndi njerwa, ndipo ambiri mwa amene analilemba anali anthu a dziko lino. Mphunzitsi wodziwa mbiri yake akhoza kuthandiza ana kuliwerenga m'chinenero chawo, kuti pobwerera akhale olemekeza luso la kwawo koposa kale.

Chiyambi cha mzinda

Blantyre, umene anthu ambiri amautcha Kabula, unayamba m'chaka cha 1876, pamene amishoni a Church of Scotland anakhazikika pamalo amene Henry Henderson anasankha pakati pa mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru, m'dziko la mfumu Kapeni. Anapatsa malowo dzina la mudzi wa ku Scotland kumene David Livingstone anabadwira. Patapita zaka zowerengeka anafika amalonda, ndipo m'chaka cha 1895 panakhazikitsidwa bungwe loyendetsa tauni. Limbe, amene anakula pambali pa njanji, anaphatikizidwa ndi Blantyre mu 1956. Mzindawu sunakhalepo likulu la Boma, pakuti likulu linali ku Zomba kufikira 1975 pamene linasamukira ku Lilongwe. Koma pa malonda ndi pa mafakitale unatsogola kuyambira kale. Pa kalembera wa 2018 munapezeka anthu pafupifupi 800,000.

Ochokera ku Balaka amatsika ndi msewu wa Zalewa, nadzera pa Lunzu, nalowa mumzinda chakufupi ndi Mishoni. Ochokera ku Chiuta amadzera pa Ntaja, Liwonde ndi Zomba, nafikira ku Limbe. Njira iliyonse imene adzere, nkwabwino kuyambira pa Mishoni, pakuti ndipo pali muzu wa mzinda wonse, ndi kutsiriza ku Limbe.

Tchalitchi cha St Michael and All Angels

Nyumba yoyenera kuionetsetsa koposa zonse ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene lero chili m'manja mwa Sinodi ya Blantyre ya mpingo wa CCAP. Chinayamba kumangidwa mu 1888, ndipo chinapatulidwa pa 10 May 1891. Wotsogolera ntchitoyo anali Mbusa David Clement Scott, amene anafika pa Mishoni mu 1881. Iyeyu sanaphunzire konse za mamangidwe, ndipo anthu amene anagwira naye ntchito anali asanamangepo nyumba ya mtundu wotere chibadwire. Komabe nyumbayo yaima zaka zoposa 130.

M'litali mwake ndi mapazi 106, ndiwo mamita 32. M'lifupi mapazi 30. Ndipo kuchokera pansi kufika pamsonga pa denga ndi mapazi 37. Njerwa zonse zinaumbidwa pamalo pomwepo ndi dothi la komweko, nizitenthedwa ndi nkhuni m'mauvuni, monga momwe anthu amachitira ku Ntaja kapena ku Ulongwe kufikira lero. Njerwa wamba inali ya mainchesi 12 m'litali, 6 m'lifupi ndi 3 kuchindikala kwake. Koma chodabwitsa nchakuti akatswiri amene anapenda makoma ake anawerengamo mitundu ya njerwa yokwana ngati 81: zina zokhota, zina zosongoka, zina zokhala ndi mizere ndi maluwa. Mtundu uliwonse unafuna chikombole chakechake chosema ndi mtengo. Mphunzitsi akhoza kuuza ana kuti ayende mozungulira tchalitchicho, aliyense ndi kope lake, najambule mitundu ya njerwa imene angaipeze. Kuona maso a nkhono nkudekha. Mwana amene wapeza mitundu khumi ndi maso ake waphunzira zambiri koposa amene wangomva nambala ya 81.

Mamangidwe ake ndiwo ofunika kuwafotokoza bwino. Scott sanajambule pepala la nyumba yonse ntchito isanayambe. Gawo lililonse ankayamba aliyesa posanja njerwa zouma popanda matope. Akaona kuti zakhala bwino ndi zolimba, ankaziphwasula ndi kuzimanga tsono ndi matope. Imeneyi ndiyo njira ya mmisiri wa kumudzi, amene amasunga chithunzi cha nyumba m'mutu mwake, nayesa ndi diso, ndi chingwe, ndi phazi. Nchifukwa chake zokometsera za khoma lina sizifanana kwenikweni ndi za khoma linzake, ndipo munthu akaimirira mbali ina amaona zimene sanazione mbali yoyamba.

Ana adzafunsa chimene chimagwira njerwa za pamwamba pa zitseko ndi mazenera okhota ngati uta, popeza palibe mtanda wa mtengo kapena wa chitsulo pansi pake. Yankho lake ndi ili. Pomanga, amisiri amayamba aika thabwa lokhota lochirikiza, nasanja njerwa kuchokera mbali zonse ziwiri kukwera m'mwamba, kufikira itatsala malo a njerwa imodzi pakatikati. Ikalowa imeneyo, thabwa lija amalichotsa, pakuti tsopano njerwa iliyonse ikukankha inzake, ndipo kulemera konse kukutsikira m'mbali. Denga lozungulira ngati mphika wovundikira limaima mwa njira yomweyo. Koma popeza kulemerako kumakankhira makoma kunja, pamafunika zochirikiza. Ndizo zipilala zija zoima kunja kwa khoma zimene zimalitsamira ndi mkono wa njerwa. Mwana amene anaonapo mphanda yochirikiza nkhokwe yodzaza chimanga sadzavutika kumvetsa zimenezi. Ndipo mwambi uja wakuti mutu umodzi susenza denga adzauona utaimirira pamaso pake, pakuti pa uta wa njerwa palibe njerwa imene ingaime payokha.

Kwa wophunzira zinenero pali chinthu china. M'zaka zomwezo zimene Scott anali kuyang'anira ntchito yomanga, analinso kusonkhanitsa mawu a Chimang'anja, ndipo buku lake lalikulu lomasulira mawu, A Cyclopaedic Dictionary of the Mang'anja Language, linatuluka mu 1892, chaka chimodzi chokha tchalitchi chitapatulidwa. Mnzake Alexander Hetherwick, amene anatsegula Mishoni ya Domasi mu 1884 nalembanso buku la malamulo a Chiyao, analikonzanso bukulo nalitulutsa mu 1929. Ntchito ziwirizi, ya njerwa ndi ya mawu, zikufanana pa chinthu chimodzi: pachikuto palembedwa dzina la Mzungu, koma zipangizo zinachokera kwa eni dziko. Mawu aliwonse a m'bukulo anatuluka pakamwa pa munthu, monganso njerwa iliyonse inatuluka m'manja mwa munthu. Maina a oumba, otentha ndi osanja njerwazo sali pamakoma, ndipo ana ayenera kuuzidwa zimenezi poyera. Mmodzi mwa ana a Mishoniyo, Mbusa Harry Kambwiri Matecheta, amene anadzozedwa ubusa mu 1911, analemba yekha mbiri ya chiyambi cha Mishoni m'Chinyanja, niisindikizidwa mu 1951.

Ana ambiri a ku Machinga ndi Asilamu, ndipo makolo ena akhoza kukayika pomva kuti ana awo akalowa m'tchalitchi. Mphunzitsi afotokoze ulendo usanachitike kuti cholinga ndi kukaona luso la amisiri ndi mbiri ya dziko, ndi kuti mumzinda momwemo anawo adzaonanso mizikiti ndi kachisi wa Ahindu. Paliponse apemphe chilolezo kwa oyang'anira, ndipo ana atsate mwambo wa pamalopo, monga kuvula nsapato polowa mumzikiti ndi kukhala chete m'nyumba iliyonse yopemphereramo.

Nyumba ya Mandala

Kuchoka pa Mishoni, ulendo ulunjike ku Mandala. Nyumba imeneyi inamangidwa mu 1882, ndipo imadziwika kuti ndiyo yakale koposa mwa nyumba za mamangidwe a Chizungu zimene zidakaimabe m'Malawi. Inali ya kampani ya amalonda imene inayambira ku Glasgow mu 1878, imene pambuyo pake inatchuka ndi dzina lakuti African Lakes Corporation. Oyendetsa ake oyamba anali abale awiri, John ndi Frederick Moir. Anthu anamutcha John dzina lakuti Mandala chifukwa cha magalasi amene ankavala m'maso. Dzinalo linachoka pa munthu nkupita pa nyumba, kuchoka pa nyumba nkupita pa masitolo onse a kampaniyo m'dziko lonse, ndipo lero ndi dzina la dera la mumzinda. Agogo ambiri a ku Balaka ndi ku Liwonde akadakumbukira kugula nsalu ndi mchere "kwa Mandala". Umu ndimo dzina loperekedwa mongoseka limakhalira ndi moyo wautali kuposa mwini wake.

Nyumbayi ndi yosanja kamodzi, ndipo inamangidwa ndi njerwa, matope, udzu ndi mitengo, pa nthawi imene simenti inali yosowa. Chimene chaisunga ndi khonde lake lalikulu. Khonde limaletsa mvula kumenya khoma, limaletsanso dzuwa kulowa m'zipinda, kotero kuti m'kati mumakhala mozizira ngakhale m'mwezi wa October. Nzeru imeneyi mwana wa ku Chiuta anaidziwa kale, pakuti nyumba ya dothi yopanda khonde siona dzinja lachitatu isanayambe kugumuka m'munsi. Mphunzitsi afunse ana kuti ayerekeze nyumbayi ndi nyumba zatsopano za magalasi okhaokha, zimene zimafuna makina oziziritsa mpweya, nanene okha imene inamangidwa modziwa nyengo ya dziko lino.

Pamalo pano panachitikanso zazikulu. Mu January 1915, pa kuukira kwa Mbusa John Chilembwe wa ku Mbombwe ku Chiradzulu, gulu la anthu ake linafika usiku ku Mandala kudzathyola nyumba yosungiramo mfuti, koma linangotengapo zochepa alonda atadzidzimuka. M'chipinda chapamwamba cha nyumbayi bungwe la Society of Malawi, limene linayamba mu 1946, linasungamo mabuku, mapu ndi zithunzi zakale, zimene mphunzitsi wofuna kufufuza mbiri ya dera la kwawo angapindule nazo.

Msewu wa Victoria

Pakati pa mzinda pali msewu wa Victoria Avenue, pamene pali holo yakale ya tauni, yomangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria ya ku Britain, imene inamwalira mu 1901. Nyumbayi ndi yaing'ono poiyerekeza ndi mabanki ndi maofesi amene aizungulira, ndipo munthu wofulumira akhoza kuipitirira osaiona. Phindu lake ndi lakuti imaonetsa msinkhu wa tauni ya masiku amenewo: imeneyi ndiyo inali nyumba yaikulu ya misonkhano ya Azungu a m'tauni, ndipo eni dziko, amene anaimanga, analibe mawu pa zokambidwa m'menemo. M'misewu yoyandikana nayo mudakali masitolo ena akale a Amwenye, okhala ndi khonde kutsogolo, pamene atelala ankakhala ndi makina awo osokera. Ambiri otere anagwetsedwa kuti papezeke malo a nyumba zazitali. Ena amati tsobola wakale sawawa, natero nyumba yakale aiyesa yopanda ntchito. Koma nyumba ikagwa, umboni wa mmene anthu ankakhalira umagwa nayo pamodzi, ndipo chithunzi sichingalowe m'malo mwake.

Chichiri

Pakati pa Blantyre ndi Limbe pali mtunda wa makilomita ngati 8, ndipo msewu waukulu wolumikiza mbali ziwirizi umatchedwa ndi dzina la Masauko Chipembere. Ana a ku Machinga ayenera kulidziwa dzinali, pakuti mu February 1965 Chipembere ndi anthu ake, pochokera ku Mangochi kulinga ku Zomba kukalimbana ndi Boma la Dr Banda, anatsekerezedwa pa doko la Liwonde. Msewuwo unalandira dzina lake patapita zaka zambiri, ulamuliro wa chipani chimodzi utatha. Maina a misewu nawonso ndi phunziro, pakuti amasonyeza amene dziko lasankha kumukumbukira pa nyengo iliyonse.

Panjirapo ulendo umadzera pa Ginnery Corner, dzina lochokera ku makina opunthira thonje amene anali pamenepo, mbewu imene alimi a ku Balaka amaidziwa bwino. Chapafupi pali sukulu ya ukachenjede imene inatsegulidwa mu 1965 ndi dzina lakuti Polytechnic, imene tsopano ndi Malawi University of Business and Applied Sciences. Kumeneko achinyamata amaphunzira kujambula ndi kumanga nyumba, misewu ndi milatho. Nkoyenera kuti basi iime pang'ono, ndipo ana auzidwe kuti khomo limenelo nlotsegukira iwonso.

Pa Chichiri pali chipilala cha ufulu, chotambalala pamwamba pa msewu, chokumbutsa tsiku la 6 July 1964. Pafupi nacho pali bwalo la masewero la Kamuzu, limene poyamba linkatchedwa Rangeley, mmene mbendera ya Britain inatsitsidwa ndi ya Malawi kukwezedwa. Zomangidwa za nyengo imeneyi nzosiyana ndi za pa Mishoni: nza simenti ndi zitsulo, zosalala, zopanda maluwa a njerwa. Dziko latsopano linafuna kuoneka latsopano.

Pomwepo pali nyumba yosungiramo zinthu zakale, imene inatsegulidwa mu 1966. Pabwalo pake pali injini zakale za sitima ya pamtunda, ndipo m'kati muli zida, zovala ndi ziwiya za mitundu ya anthu a m'Malawi. Koma chimene chidzakondweretse ana a ku Chiuta koposa ndi mwala wochokera kuthambo, wolemera makilogalamu oposa 90, umene unagwa m'boma la Machinga mu January 1981, ndipo akatswiri a dziko lonse lapansi amautchula ndi dzina la bomalo. Mwana akaona chinthu cha kwawo chitasungidwa mwaulemu pakati pa mzinda, amazindikira kuti mzinda ndi mudzi si maiko awiri.

Limbe

Limbe ndi mwana wa njanji ndi fodya. Njanji yochokera kuchigwa cha Shire inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo likulu la ntchito za sitima linakhala ku Limbe, kumenenso kampani ya Imperial Tobacco inamanga fakitale yake. Mu 1935 njanjiyo inapitirizidwa kumpoto kudzera pa Balaka kukafika ku Salima, ndipo mu 1970 inatsegulidwa nthambi yochokera pa Nkaya, yowoloka Shire pa Liwonde, yodzera pakati pa nyanja za Chilwa ndi Chiuta kukafika ku Nayuchi pamalire ndi Mozambique. Chotero mwana woima pa siteshoni ya Limbe waima pa chitsulo chomwecho chimene chimadutsa pafupi ndi kwawo. Ku Limbe kulinso tchalitchi chachikulu cha Akatolika cha Our Lady of Wisdom, chipatso cha ntchito ya ansembe a chipani cha Montfort, amene anafika m'dziko muno mu 1901 nayambira ku Nzama, ndipo ku Utale ndi ku Balaka ndi odziwika kwa aliyense.

Ntchito ya mphunzitsi

Ulendo wotere umayamba sabata zingapo basi isananyamuke. Mphunzitsi atume ana kwa amisiri a m'mudzi kukafunsa maina a ziwalo za nyumba ndi a ntchito zake: maziko, khoma, nsanamira, mzati, mtanda, phaso, tsindwi, khonde, chikombole, uvuni, kuumba, kutentha, kusanja, kumata, kuzira, kufolera. Popeza ana ambiri a ku Chiuta amalankhula Chiyao kapena Chilomwe kunyumba, alembenso mawu ofanana nawo m'zinenero zimenezo, pakuti ena mwa mawuwa akutha pamene malata ndi simenti zikulowa m'malo mwa udzu ndi dothi. Safunsa anadya phula. Ndipo mmisiri wokalamba amene wafunsidwa ndi mwana wa sukulu amaona kuti nzeru zake zawerengedwa.

Pofika mumzinda, pa nyumba iliyonse ana ayankhe mafunso anayi: inamangidwa liti, inamangidwa ndi zipangizo zotani, anaimanga ndani ndi manja, ndipo anaimangira yani. Funso lachitatu ndilo limene mabuku ambiri amalilumpha. Pamene apeza chiwalo cha nyumba chimene alibe dzina lake, monga uta wa njerwa kapena denga lozungulira, asathamangire mawu a Chingerezi. Ayambe ayesa kuchifotokoza m'chinenero chawo, ndipo kalasi lisankhe mawu amene akumveka bwino. Chinenero chimakula motero, pokumana ndi zinthu zatsopano ndi kuzipatsa maina, monga anachitira makolo aja amene anatcha munthu wa magalasi Mandala.

Pobwerera, mwana aliyense asankhe nyumba imodzi yakale ya kwawo, kaya ndi mzikiti, tchalitchi, sitolo ya pamsika, siteshoni ya sitima kapena bwalo la milandu la mfumu, nalembe mbiri yake poyankha mafunso anayi omwe aja. Afunse akuluakulu maina a amene anaumba njerwa ndi amene anazisanja, nawalembe onse. Zolembazo zisungidwe pasukulu, kuti amisiri a ku Chiuta asadzaiwalike monga anaiwalikira anzawo amene anamanga tchalitchi cha pa Mishoni.